Kamera yanga yangokhala mu wadilopu, chidwi chinathawa. Inu mumatani?

Chikondi wa ku Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse a pagulu. Ndakhala chete nthawi yaitali ndimangowerenga zanu koma lero ndati ndilankhule zomwe zikundisowetsa mtendere. Ndinagula Canon 600D yanga mu 2019, yogwiritsidwa kale ntchito, ndinachita kusunga ndalama miyezi isanu ndi itatu, ndipo chaka choyambacho sindinkagona, 5 koloko mmawa ndili kale pa phiri la Michiru kudikira dzuwa. Pano miyezi isanu ndi umodzi yatha sindinaigwire. Dzulo ndinatsegula chikwama ndapeza batire inatheratu moto, ndikuyang'ana kamera ija mtima osagunda ngati kale. Sindikufuna kuigulitsa chifukwa ndikudziwa kuti kujambula ndimakukonda, koma chidwi chija sindikudziwa kuti chinalowera kuti. Alipo amene zinamuchitikirapo? Munatani kuti chibwerere?

Limbani: Amwene inuyo mwatopa ndi lenzi. Ngati mukadali pa 18-55 yobwera ndi kamera ija nde zithunzi zanu zonse zikufanana basi. Pezani lenzi ya 50mm f/1.8, siyodula kwambiri poyerekeza ndi ena, kumbuyo kwa munthu kumachita kusungunuka bwinobwino. Ine nditaigula ndinakhala ngati ndagula kamera yatsopano

Chikondi wa ku Chilomoni: 50mm ndili nayo achimwene, ndinagula 2021. Inandisangalatsa miyezi itatu kenako zinabwerera pomwe zinali

Mayi a Tadala (Zomba): Nde mwaona kuti vuto si chitsulo ayi. A Chikondi ndikufunseni, chithunzi chomaliza chomwe munajambula chifukwa choti inuyo mwafuna, osati wina wakutumani, chinali cha chani? Ganizirani bwino musanayankhe

Chikondi wa ku Chilomoni: Mayi funso limeneli landikhudza. Ndakhala ndikuyang'ana mu laputopu pafupifupi ola lathunthu. Chomaliza chomwe ndinajambula mwa ine ndekha ndi cha mu Ogasiti chaka chatha, mwana wa neba akuthamangitsa tayala ndi kamtengo fumbi lili kobo kumbuyo kwake. Zonse zotsatira ndi zinkhoswe, maukwati, ma bridal shower, tsiku lobadwa la mwana wa msuweni, chikondwerero cha kwaya. Abale akangomva kuti uli ndi kamera basi ndiwe kameramani wa mtundu wonse. Ukafika pamwambo sudya, sukhala pansi, anzako akuvina iwe uli chiimire kuyambira 8 mmawa mpaka usiku, mawa lake foni siikupuma, zithunzi zija zili kuti, bwanji ine ndaoneka wakuda, ndichotseniko chiphuphuchi. Zithunzi 900 kuedita usiku wonse magetsi akuzimazima. Sindikudandaula kuthandiza abale koma ndaona kuti ndi pomwe chinthu chija chinafera

Mayi a Tadala (Zomba): Ndinadziwa. Inenso ndinadutsa momwemo mwanawanga. Kwathu kuno ndinachita kuwauza poyera a kumpingo kuti pachaka ndidzajambula zochitika ziwiri zokha, zinazo apeze wina amulipire, alipo anyamata ambiri akusowa ganyu. Poyamba anandiona ngati wonyada koma anazolowera. Kukana n'kovuta kwa ife, makamaka akakupempha ndi malume ako kapena apongozi, koma ukapanda kuika malire kamera imasanduka khasu la mmunda mwa eni

Thoko ku Joni: Khasu la mmunda mwa eni, mayi mwanenadi zoona

A Banda a ku Dedza: Ana anga ndiloleni ndiikepo mlomo ngakhale ndimalemba pang'onopang'ono pafonipa. Ine ndinayamba kujambula mu 1987 ndi kamera ya Yashica, ya filimu. Ndinkayenda panjinga midzi ya kuno kwa Kachindamoto mpaka kutsikira ku Mtakataka, kamera ili pakhosi mkati mwa jekete kuopa fumbi. Filimu imodzi inali ndi malo 36 basi, ina 24. Munthu akafuna kujambulitsa ankasamba, kudzola, kubwereka jekete kapena wailesi kwa mnzake kuti agwire pachithunzi, amayi ankatulutsa chitenje chomwe amasunga pansi pa sutikesi. Amalipira theka, ine ndimalemba dzina mkabuku, filimu ikadzadza ndimakwera basi kupita nayo ku Lilongwe kukatsukitsa. Masabata awiri, nthawi zina mwezi, munthu akudikira khadi lake. Ndipo zimachitika kuti filimu yapsa, kuwala kunalowa, ndiye ubwerere kukapepesa mudzi wonse ndi kujambulanso ndi ndalama zako.

Chomwe ndikufuna kunena ndi ichi. Pamene ndinali ndi malo 36 okha sindinkadina chisawawa. Ndinkayang'ana kaye, dzuwa lili mbali iti, kumbuyo kwa munthu kuli chani, kolala yakhala bwino kapena ayi, ndimuseketse kaye kuti nkhope imasuke. Pofika podina ndinali nditachiona kale chithunzicho mmutu. Ana anga anandigulira ya digito mu 2012 ndipo chaka chimodzi chokha ndinatopa nayo, ndimabwera kunyumba ndi zithunzi 400 palibe ndi chimodzi chomwe chondikhalira mumtima. Nde ndinabwerera ku lamulo langa lakale. Ndikatuluka ndimadziuza kuti lero ndili ndi 24 basi, ndipo sindiyang'ana pa sikirini mpaka nditafika kunyumba. Yesani zimenezo a Chikondi, muone ngati maso sabwerera

Limbani: Madala ulemu wanu, koma nthawi ija inali ya mavuto, panopa memori khadi imodzi imanyamula zithunzi masauzande, tidzimanirenji? Mbalame ikamauluka umafunika kuwombera zambiri kuti upezepo chimodzi chabwino

A Banda a ku Dedza: Pa mbalame ndikuvomera mwana wanga, nkhwazi siidikira munthu. Koma mnzathuyu sakudwala kusowa zithunzi, akudwala kuchuluka kwake

Mphatso Mangochi: Ine ndinene zanga. Ndilibe kamera yaikulu ndimajambula ndi foni ya Tecno basi, ena pagulu pano amadziwa. Chomwe chinandithandiza ine ndi kusankha malo amodzi n'kumabwererako. Pali doko lina kuno komwe asodzi amakocheza mmawa, ndakhala ndikupitako Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri tsopano. Anthu amandifunsa kuti sutopa malo omwewomwewo? Koma sanafananepo ngakhale tsiku limodzi. Miyezi ya mwera, Juni Julaye, nyanja imakalipa mabwato sapita kutali, amuna amangokhala pamchenga kusoka maukonde, nde ndimajambula manja ndi zala zili mu ulusi. Mwezi ukakhala mdima amapita usiku ndi nyali kukakopa usipa, ukaima pagombe umaona timagetsi ndondondo pamadzi ngati tauni ina yamera pakati pa nyanja. Mmawa amayi ali ndi mabeseni, usipa ukuyanikidwa pa thandala ukuchita kunyezimira, ana akusamba, akakowa akuzungulira kufuna zotsala. Chaka choyamba ankandiona mlendo ndipo aliyense ankaima chilili ngati akujambulitsa chiphaso. Pano sandiwerengeranso, amangopitiriza ntchito zawo, ndipo ndi pomwe zithunzi zabwino zinayamba kutuluka

Thoko ku Joni: Mphatso chonde zimenezo uziponya pagulu pano pafupipafupi. Simudziwa inu mmene zimatithandizira ife tili kunja. Ine kuno kamera ndili nayo yabwino, Nikon D5600, koma kuyenda nayo pakhosi mtauni ya Johannesburg sindingayerekeze, mtima umakhala mmwamba. Ndinatsala pang'ono kusiya. Chinandipulumutsa ndi windo la chipinda changa, ndili pa nsanjika yachisanu ndipo tsiku lililonse ndikaweruka ndimajambula msewu womwewo kuchokera pamwamba, mataxi ali pamzere, mayi wina wogulitsa chimanga chootcha pakona, mvula ya madzulo ikamabwera mitambo yakuda bii. Pano majakaranda ayamba kuchita maluwa msewu wonse wofiirira ndipo ndikangowaona ndimakumbuka Blantyre mwezi ngati uno. A Chikondi inu muli ndi zomwe ine ndikuzilira. Ndijambulireni chabe mbaula ili ndi mpoto wa nyemba, kabaza atanyamula matumba a makala, mzere wa zigubu pa mjigo, ana a sukulu atanyamula masache mmawa. Kwa inu ndi zinthu wamba koma ine ndatha zaka 6 osaziona

Chikondi wa ku Chilomoni: Achemwali mwandipatsa maganizo. Inetu mmutu mwanga ndimangoti kuti ndijambule chabwino ndiyenera kupita ku Mulanje kapena ku Liwonde kapena ku Cape Maclear, nde ndikawerengera thiransipoti, malo ogona, ndalama yolowera ku paki, ndimangoti ndidzapita ndikadzapeza ndalama, miyezi n'kumapita

Mayi a Tadala (Zomba): Ulendo ndi wabwino sindikukana. Ine ndili pansi pa phiri la Zomba penipeni, ndikafuna ndimakwera kukafika ku Williams Falls kapena ku Emperor's View komwe anafikako Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, ukaima pamenepo kukakhala kowala umaona nyanja ya Chilwa ndi Mulanje patali. Koma ndikuuzeni, zithunzi za pamenepo aliyense ali nazo ndipo zimafanana, ukaika pa Facebook anthu amakonda malowo osati diso lako. Chithunzi changa chomwe ndimachinyadira kwambiri ndinajambula kuseri kwa nyumba yanga, apongozi anga akupeta mphale, gaga akuuluka dzuwa la madzulo likumuwomba kumbuyo ngati golide. Anamwalira chaka chotsatira. Pamaliro chithunzi chomwe anachikulitsa kuika patsogolo chinali chomwecho chifukwa panalibe china chomwe ankaoneka mmene tinkawadziwira

Mphatso Mangochi: Pepani mayi. Nkhani imeneyi yandikumbutsa kuti agogo anga sindinawajambulepo bwinobwino, ndimangoti ali pompa

Limbani: Komanso mwezi uno kupita ku Mulanje n'kutaya ndalama, ndinali ku Thyolo sabata yatha phiri silikuoneka n'komwe, utsi wa moto wa mtchire ndi fumbi zaphimba ponseponse. Dikirani chizimalupsa chigwe kaye mpweya uyere, nthawi imeneyo ukaima mminda ya tiyi umachita kuona mizere ya madzi ikutsika pamiyala

A Banda a ku Dedza: Utsi womwewo ndi mphatso kwa wojambula. Mwezi wa Okutobala dzuwa likamalowa limakhala lofiira psuu lozungulira bwinobwino ngati mbale, utha kuliyang'anitsa kamera osawononga chithunzi. Pezani mtengo wa mlambe kapena munthu wapanjinga aime pakati pa inu ndi dzuwalo. Nyengo iliyonse ili ndi zake. Mvula ikayamba kuli ngumbi pa getsi usiku, ana ali ndi mabeseni. Febuluwale chimanga chili ndi ngayaye. Meyi anthu akukolola, ngolo zadzadza. Juni chiperoni kwanu ku Blantyre konko, nkhungu ili mmisewu anthu avala zipewa. Munthu amene amatsatira nyengo sasowa chojambula

Yamikani Chipata: Muli bwanji abale a ku Malawi, ine ndine wa kuno ku Zambia ndimakonda kuwerenga zanu. Ine chomwe chimandisunga ndi kukhala ndi ntchito imodzi yaitali yomwe ndikudziwa kuti siitha msanga. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti ndimapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, komwe Achewa a maiko atatu amakakumana kwa Kalonga Gawa Undi. Zaka zoyamba ndinkathamangira gule ngati wina aliyense, kukankhana ndi anthu kuti ndipeze malo kutsogolo. Kenako ndinaona kuti zithunzi zanga sizikusiyana ndi za munyuzi. Nde ndinatembenuka n'kuyamba kujambula za mmbali, amayi akuphika mmisasa usiku, oimba ng'oma akuwamba zikopa pamoto kuti zilire bwino, malole ofika kuchokera ku Mozambique anthu ali mbuu ndi fumbi, agogo atakhala pamphasa akuonera patali. Tsopano ndili ndi zithunzi za zaka zisanu ndipo ndikufuna ndidzazisonkhanitse mu buku limodzi la banja lathu. Ukakhala ndi cholinga chotere sufunsanso kuti lero ndijambule chani

Thoko ku Joni: A Yamikani gule amalola kujambula? Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti ukakumana naye panjira uthawe

Yamikani Chipata: Pa mwambo waukulu ngati wa Kulamba anthu amajambula poyera. Koma kumudzi, pamaliro kapena pa chinamwali, usatulutse kamera usanapemphe kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambo, ndipo akakana wakana basi. Kudambwe ndiye osayandikira n'komwe ngati suli wolowa. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, mu 2005 koma zimenezo sizikutanthauza kuti wasanduka chionetsero cha aliyense, eni ake alipo

Mayi a Tadala (Zomba): Apa mwakhudza nkhani yomwe imandiwawa. Sizagule zokha. Masiku ano ngozi ikachitika pamsewu anthu mmalo mothandiza akutulutsa mafoni, mphindi khumi zithunzi za mtembo zili pa magulu onse achibale asanamve. Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 tinaona zomwezo, anthu ali pachisoni chachikulu wina akuwaloza kamera kumaso osapempha. Ife amene timati timakonda kujambula tizisiyana nawo. Ngakhale mumsika, mayi wogulitsa tomato si chidole, mpatseni moni, gulani kamulu kamodzi, chezani naye, mufunseni. Akalola muonetseni chithunzicho. Ndipo ana a eni osamangowaika pa intaneti makolo asakudziwa

Limbani: Koma mayi ukapempha munthu amasintha nkhope, amaima ngati msilikali, chithunzi chachilengedwe chija chimathawa

Mphatso Mangochi: N'chifukwa chake ndinati uzibwerera malo omwewo achimwene. Tsiku loyamba aima ngati msilikali, lachitatu aseka, lakhumi sakukuonanso. Chilolezo unatenga kale ndipo chithunzi chachilengedwe wachipezanso. Kungoti zimafuna kudekha

Limbani: Apo ndagonja, ndiyesa kwa amene amakonza njinga pafupi ndi kwathu

Chikondi wa ku Chilomoni: Abale ndatchaja batire ija ndayatsa kamera ikugwira bwino, koma ndikayang'ana mkati mwa 50mm ndikuona tinthu ngati ulusi wa kangaude pagalasi, ndapukuta kunja sizikuchoka. Ndi chani chimenechi?

A Banda a ku Dedza: Chimenecho ndi chuku mwana wanga, chamera mkati. Lenzi ikakhala mmalo amdima achinyezi osatuluka miyezi yambiri imachita zimenezo, makamaka mu wadilopu yoyandikana ndi khoma lomwe limanyowa nthawi ya dzinja. Ichotseni msanga mchikwamamo isakhale pamodzi ndi inzake. Ngati changoyamba kumene mmbali zithunzi zizituluka bwinobwino, koma musachisiye chifukwa chikakhalitsa chimadya galasi ndipo chipsera chake sichichoka. Musatsegule nokha, pezani wodziwa kukonza. Kuyambira lero muzisunga mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi tija timabwera mu bokosi la nsapato zatsopano, timayamwa chinyezi. Koma mankhwala enieni ndi kuigwiritsa ntchito, lenzi yomwe imaona kuwala sabata iliyonse siichita chuku kawirikawiri

Limbani: Timapaketito ndi silica gel, tikakhuta chinyezi mutha kutiumitsa pa kutentha pang'ono n'kutigwiritsanso ntchito. Ndipo mwezi uno wa fumbi osasintha lenzi panja, fumbi likalowa pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera, muziona timadontho pa chithunzi chilichonse cha kumwamba

Thoko ku Joni: Chinanso chomwe ine chinandibwezera chimwemwe ndi kusiya kuwerenga malayiki. Ndinkaposita chithunzi kenako mphindi zisanu zilizonse ndikutsegula foni kuona kuti afika angati, akachepa tsiku lonse landiipira, mpaka ndinayamba kujambula zomwe ndikudziwa kuti anthu azikonda osati zomwe ine ndaona. Pano ndimasunga chithunzi sabata yathunthu ndisanachionetse munthu. Ngati pakutha pa sabata chikundikomerabe ndiye ndimatumiza, ndipo nthawi zambiri ndimangotumizira mayi anga ndi anthu awiri atatu

Yamikani Chipata: Zoona. Komanso tsukitsani zithunzi abale. Chithunzi chili mufoni sichinabadwe. Foni ikabedwa kapena laputopu ikafa zonse zapita, ine ndinataya za chaka chathunthu hard drive itagwa pa tebulo. Pano mwezi uliwonse ndimasankha zisanu ndimakatsukitsa pa saizi ya 6x4, zina ndimaika mu alubamu zina ndimakapatsa eni ake

A Banda a ku Dedza: Kukapereka khadi kwa mwini wake ndi komwe kunkandisangalatsa pa ntchito yonse ija. Umafika pamudzi belu la njinga ngiringiri, ana akuthamanga kukuwa kuti ajambuli abwera, munthu akulandira khadi ndi manja awiri atapukuta kaye mmanja pa chitenje, amaliyang'ana nthawi yaitali osalankhula kenako mudzi wonse ulandizana. Mpaka lero ndikalowa mnyumba zina kuno ndimapeza makhadi anga a 1990 ali pakhoma mu felemu, mtundu unasuluka koma akadalipo, ena mwa anthuwo anapita kalekale

Mphatso Mangochi: Ndipo potumiza pagulu pano muzitumiza ngati document, WhatsApp imafinya chithunzi ukatumiza mwachizolowezi, zambiri zimatayika

Adimini: Zokambirana zakoma izi. Ndikupempha kuti tisangolankhula. Kuyambira Lolemba tiyeni tiyese zomwe anena a Banda, aliyense zithunzi zosapitirira 24 pa sabata, pamalo osapitirira mtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo pako, foni kapena kamera zilibe kanthu. Lamlungu madzulo aliyense aponye chimodzi chokha ndi mawu pang'ono ofotokoza. Osapikisana, palibe wopambana

Limbani: Ine ndikupempha kuti tikamaponya tizilembanso ma settings, ena tiphunzirepo

Mayi a Tadala (Zomba): Amene akufuna alembe, koma tisakakamize, ena akujambula ndi foni asaone ngati achepa

Chikondi wa ku Chilomoni: Abale ndabwera kudzapereka lipoti, papita masabata awiri. Sabata yoyamba sindinaponye kanthu chifukwa ndinatuluka kawiri ndikubwerera chimanjamanja, ndimangoyenda kamera ili mmanja osaona chilichonse, ndinatsala pang'ono kuibwezera mu wadilopu. Lachinayi lapitali ndinadzuka 5 koloko kukagula mandasi a ana kwa mayi wina amene amakazinga pafupi ndi sitolo ya mdera lathu. Ndakhala ndikugula kwa mayi ameneyu zaka zinayi koma dzina lawo sindinkalidziwa. Ndinawapempha, anaseka n'kunena kuti dikirani ndimange kaye duku bwino, ndinati chabwino. Ndinakhala pa benchi lawo mwina mphindi 40 tikucheza, anandiuza kuti amadzuka 2 koloko usiku kukanda ufa kuti ufufume, ndipo ndi mandasi omwewa aphunzitsa ana atatu, wina ali ku koleji. Kunja kukuyamba kuyera, moto wa nkhuni uli pansi pa chiwaya ukuwaunikira nkhope mbali imodzi, utsi ukukwera, iwo akutembenuza mandasi ndi kawaya kopinda, pa dzanja pali timabala ta mafuta otentha ta zaka ndi zaka. Ma settings a kamera ndinaika ISO 1600, f/2, shutter 1/125, ndi 50mm yomwe ija ya chuku chifukwa sindinapeze wokonza. Ndinadina kasanu ndi kawiri basi. Sindinayang'ane pa sikirini mpaka kunyumba monga munanenera a Banda, ndipo njira yonse mtima ukugunda ngati 2019.

Pa zisanu ndi ziwirizo zitatu zagwedera, ziwiri maso atsinzina ndi utsi, koma ziwiri zatuluka. Dzulo ndinakatsukitsa chimodzi mtauni ndakawapatsa mmawa uno. Anapukuta mmanja pa chitenje asanalandire, ndendende mmene munafotokozera madala. Anachiyang'ana kwa nthawi ndithu kenako anati chithunzi chawo chomaliza cha pepala anajambulitsa pa ukwati wawo, ndipo sanadzionepo ali pantchito. Achikulunga mu pepala la pulasitiki kuti chisadetsedwe ndi mafuta. Andiuza kuti Loweruka ndipitenso mwana wawo wa ku koleji akhala alipo, akufuna chapamodzi. Ndawafunsa ngati ndingaponye pagulu pano avomera, ndi ichi ndatumiza ngati document

Thoko ku Joni: Mayo ine. Ndachitsegula ndili mu taxi misozi yalengeza. Fungo la mandasi ndi utsi ndikuchita kulimva. Zikomo achimwene, zikomo kwambiri

A Banda a ku Dedza: Mwachita bwino mwana wanga. Kuwala kwa motoko mwakugwira bwino ndipo simunawadule manja, ambiri amalakwitsa pamenepo. Loweruka mukapita muyesenso kutsika pang'ono, mugwade kuti kamera ikhale mulingo umodzi ndi chiwaya, muone kusiyana kwake. Koma lenziyo musaiwale kukakonzetsa mvula isanayambe

Limbani: Chuku sichikuoneka n'komwe pachithunzipa. Amwene ndikudziwa munthu wina ku Limbe amatsegula malenzi, ndikutumizirani nambala ku inbox

Mphatso Mangochi: Inenso ndinapita kwa agogo Lamlungu, ndawajambula akusenda chinangwa pakhonde. Ndiponya madzulo netiweki ikakhala bwino

Mayi a Tadala (Zomba): A Chikondi mukapita Lowerukalo mufunsenso ngati kuli anzawo ena ogulitsa mmawa amene angafune, wa zitumbuwa, wa phala, wa makala. Mukapitiriza chonchi pofika Disembala mukhala ndi anthu khumi kapena kuposa a mdera lanu lomwelo

Chikondi wa ku Chilomoni: Ndaganiza kale zimenezo mayi, pali bambo wina amasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteji, ndalankhula nawo dzulo ati ndibwere Lachiwiri cha mma 4 dzuwa likapepuka. Ukwati wa msuweni wanga wa pa 30 ndawauza kuti apeze wojambula wina, ine ndikakhala nawo ngati mlendo. A Limbani nambala ija ndikudikira